Ofunditsa Wailesi a ku Sitinamve

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli dziko lotchedwa Sitinamve. Musavutike kulifunafuna, chifukwa amene anakafikako amati zinangokhala ngati sanachoke kwawo. Dzikolo linkalamulidwa ndi Mfumu Ndanenandanena Wachiwiri, munthu wokonda anthu ake kwambiri moti tsiku lililonse ankawapatsa lamulo latsopano. Mafumu ena amagawa mbewu, ena makasu. Iyeyu ankagawa malamulo, ndipo nkhokwe yake sinathepo ngakhale chaka cha chilala.

Dzuwa likafika paliwombo, pa Wailesi ya Mfumu pankalira ng'oma, kenako Mayi Enelesi Nangozo ankawerenga lamulo la tsikulo. Ntchitoyi anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri osajomba, Lamulungu lomwe, Khirisimasi yomwe. Mfumu inkakana zojambuliratu mawu, inkati mawu osungidwa m'makina amasasa ngati mkaka. Choncho m'dziko lonselo Enelesi yekha ndi amene anali asanaonepo mmene kunja kumakhalira lamulo likamawerengedwa. Nthawi imeneyo iye ankakhala m'kachipinda kopanda zenera, pakamwa pali pa maikolofoni.

Enelesi anali ndi mawu a mitundu iwiri. Apakhomo anali opyapyala, othamanga, oingitsira nkhuku ndi kunenerera tomato. Antchito anali ochokera pansi pa chifuwa, oyenda pang'onopang'ono, ofunda, ndipo sankawatulutsa wamba. Ankawadyetsa uchi ndi jinja m'mawa uliwonse, n'kuwamangira mpango pakhosi ngakhale mu Okutobala. Tisabise, mayiyu ankadzimva. Akamayenda mumsika ankaweramitsa mutu kuopa kuti anthu angamuzindikire n'kumuunjirira. Palibe anamuunjirirapo, ndipo iye mumtima ankangoti anthu akwawo ndi aulemu, amadziwa kuti munthu wotchuka amafunanso kupuma.

Vuto linali lakuti m'malamulo mulibe chikondi. Munthu ukawerenga zaka zonsezo za kutalika kwa masiketi ndi za mbali imene mbuzi ziyenera kuyang'ana Mfumu ikamadutsa, mtima umayamba kufuna zina. Mwamuna wake atamwalira, nyumba itamukulira, Enelesi anayamba kulemba kuseri kwa mapepala a malamulo akale. Analemba za Nasibeko, mayi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zisanu, amene analowa sukulu ya kwacha ya ufiti pamwamba pa phiri. Afiti akewo sankadya anthu, ankadya mbatata ndi tiyi. Ankaphunzira kuitana mvula, kuweta afisi ndi kuyendetsa lichero. Wophunzitsa lichero anali a Gwedeza, bambo wa imvi m'ndevu, wosayankhulayankhula. Za yunifolomu ya pasukulupo tisanene zambiri, aliyense akudziwa kuti afiti akamauluka savutika ndi zochapa. Bukulo analitcha Lichero la Awiri, ndipo silinali la ana.

Kulisindikiza kunali kosatheka, makina onse osindikizira anali otanganidwa ndi malamulo. Ndiye akaweruka ankalowa m'kabati ya zovala, pakati pa masuti a malemu, n'kumawerengera foni ndi mawu antchito aja. Mitu makumi atatu inalowa m'kamemore. Wotsiriza anausunga kaye, poti anali asanasankhe ngati Nasibeko akwatiwe kapena ayi. Kamemoreko anakapatsa mlamu wake Filesi, mlongo wa malemu, amene ankagulitsa zolukaluka mumsika wa Akutiakuti.

"Ndatola mu minibasi, alamu," anatero ndi mawu apakhomo. "Mwina ndi nyimbo za kwaya."

Sizinali za kwaya. Pomatha milungu itatu bukulo linali litalumpha foni ndi foni mpaka kumalire. Makondakitala anasiya kukuwa pasiteji. Pamjigo amayi ankapatsana mpata wotunga kuti mutu uthe kaye. Abusa ankalimvera kuti adziwe chodzudzula, ndipo ena, pofuna kudzudzula mwachilungamo, analimvera kawiri. Enelesi anasangalala, komanso mantha anamugwira. Ankadziwa kuti kwangotsala masiku, wina adzaimitsa foni n'kufunsa ngati mawuwo si a mayi wa malamulo uja.

Lachiwiri lina m'mawa anapita ku bwalo la nduna kukatenga lamulo la tsikulo, n'kukhala pa kampando kake ka pafupi ndi khomo. Anapeza nkhani ili ya buku lake.

Woyamba kuyankhula anali a Kachipande, Nduna Yoona Kuti Ufiti Kulibe. Unduna wawo unali waukulu, wa magalimoto khumi ndi awiri, chifukwa kuonetsetsa kuti chinthu kulibe ndi ntchito yosatha. A Kachipande ankakhala chopendekeka kaamba ka chithumwa cha m'thumba lakumbuyo, ndipo anzawo sankawaseka poti aliyense anali ndi kopendekekera kwake.

"Mfumu ya mafumu, dzuwa losalowa," anatero, "bukuli likuphunzitsa ufiti. Liletsedwe lero lomwe."

"Likuphunzitsa chinthu choti kulibe?" anafunsa a Chalera, Nduna ya Bata, kankhalamba kamene kanatumikira mafumu atatu osakwiyitsa ndi imodzi yomwe. "Tikaliletsa pa chifukwa chimenecho, tavomera kuti ulipo. Ndiye unduna wanu utsekedwe, magalimoto mubweze."

A Kachipande anatsokomola n'kunena kuti kwenikweni chowadetsa nkhawa chinali zolaula. Anapempha bwalo lidzimvere lokha. Anaika foni patebulo, ndipo Enelesi anamva mawu ake akudzaza chipinda chonse.

"'Gwirani m'chiuno mwanga,' anatero aphunzitsi a Gwedeza, 'kutsogoloku kuli mphepo yoipa.' Nasibeko anagwira. Anauluka kudutsa mtsinje, kudutsa dambo, kudutsa midzi isanu ndi iwiri. Mphepoyo sanakumane nayo. Koma iye sanachotse manja, ndipo aphunzitsi sananene kuti achotse."

Enelesi anadikira kuti mitu icheukire kukhomo, koma palibe unacheuka. Nduna ina inapempha kuti abwereze pofuna umboni wokwanira. Anabwereza. Inanso inati munthu sungaweruze mutu wachisanu ndi chinayi usanamve wakhumi, ndipo anamva wakhumi. Enelesi anaganiza kuti akumuseweretsa dala, monga amachitira mphaka ndi mbewa.

"Za m'chiunozo si vuto, akuluakulu," anatero a Chalera foni itazimitsidwa. "Tonse tili pano chifukwa cha zomwezo. Koma mwamva bwino za sukuluyo? Ili ndi denga. Aphunzitsi amabwera tsiku lililonse. Malichero amanyamuka pa nthawi yake osadikira mafuta. Mphunzitsi wamkulu zaka zake zikakwana amatula pansi udindo yekha, n'kupita kukalima. Kumsikaku anthu ayamba kufunsa kuti fomu yolowera ufiti amakatenga kuti."

Mfumu, imene inkaoneka ngati ikusinza, inatsegula diso limodzi.

"Ine akunditchula pa mutu uti?"

Nduna zinayang'ana nsapato zawo.

"Sakukutchulani, dzuwa losalowa," anayankha a Chalera.

"Mitu makumi atatu yonseyo?"

"Yonseyo."

"Ngakhale kunditukwana?"

"Ngakhale kamodzi, Mfumu."

Mlandu unapezeka. Lamulo linalembedwa nthawi yomweyo: mwini mawu a m'bukulo apezeke, atumizidwe ku Khalachete, munda wa Mfumu umene munthu amakalimako osayankhula ndi wina aliyense mpaka imfa. Chifukwa cha kukula kwa nkhaniyo, Mfumu inalola kwa nthawi yoyamba kuti lamulolo lijambulidwe, lizibwerezedwa masana alionse kwa masiku asanu ndi awiri, wolengeza akapumeko. A Chalera anapereka pepalalo kwa Enelesi.

"Mukaliwerenge mwamphamvu, mayi, mwini wakeyo akamva anjenjemere."

"Anjenjemera, bwana," anayankha ndi mawu apakhomo.

M'kachipinda kake muja anaganiza zosintha mawu, kuwerengera m'mphuno kapena kunamizira chimfine. Zinamukanika. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anali asanawerengepo moipa, ndipo sakanayambira pa lamulo lokamba za iye yemwe. Anawerenga chilango chake mokoma kuposa tsiku lina lililonse. A Mizeki, woyendetsa makina, anamuimikira chala chachikulu kuseri kwa galasi monga ankachitira masiku onse.

M'mawa mwake analongedza kachikwama: zitenje ziwiri, Baibulo, botolo la uchi. Anaona kuti ngati n'kugwidwa, kuli bwino agwidwe mumsika anthu akuona, osati pakhomo ngati wakuba nkhuku. Anavala diresi ya ku tchalitchi n'kukakhala pa benchi ya Filesi, dzuwa likuyandikira paliwombo. Pa benchi iliyonse panali wailesi, poti lamulo linkatero.

Ng'oma inalira. Manja onse mumsika ananyamuka nthawi imodzi, eni ake osasiya n'kucheza komwe. Wa tomato anaponya chiguduli pa wailesi yake. Wa nyama anavindikira yake ndi beseni. Telala anaiveka jekete ya mwini wake amene anali asanabwere kudzatenga. Opezako bwino anali ndi zofunditsira zoluka, za maluwa, zokhuthala, za thonje m'kati, zofanana ndendende ndi zimene zinali pa benchi ya Filesi. Pansi pa nsalu zonsezo pankangomveka kung'ung'udza kwapansipansi. Kenako wina anakweza foni, ndipo aphunzitsi a Gwedeza anayamba kufotokoza kakhalidwe ka m'lichero.

"Alamu, anthuwa akutani?"

"Akufunditsa," anatero Filesi, akukonza makona a nsalu pa wailesi yake. Kenako anakumbuka amene akuyankhula naye, n'kugwira pakamwa. "Ii, inu simunaonepo eti? Ndi ulemu, alamu. Kuti mawu a Mfumu asalowe fumbi."

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Ine amayi anandiphunzitsa ndili kamtsikana. Lamulo limati wailesi itsegulidwe, ndiye timatsegula. Silinanene kuti izikhala yosavala."

"Nanga malamulowo mumawadziwa bwanji?"

"Akakugwira amakuuza. N'zachangu kusiyana n'kumvera onse."

Enelesi anatola chofunditsira chimodzi, chofiira, cha maluwa achikasu. Chinzake chinali kunyumba kwake, mphatso ya Khirisimasi yochokera kwa Filesi yemweyu.

"Munandiuza kuti ndi chovindikira tiipoti."

"Tiipoti ya makona anayi munaiona kuti, alamu?"

"Ndiye inuyo, mlamu wanga weniweni, simunandimvepo?"

"Tsiku loyamba lija ndinkafuna kumvera, koma kunagwa maliro," anatero Filesi, maso ali kumbali. "Koma timakunyadirani zedi. Aliyense wodzagula ndimamuuza kuti mlamu wanga ali m'kati umu." Anasisita nsalu ya pa wailesi mwachikondi.

Pa benchi yoyandikana nayo anthu anali pa mkangano wa mwini mawu. Wa nyama ankalimbikira kuti ndi kamtsikana kophunzira kunja, kowala, ka mpata kumano. Wa tomato ankakana, ankati mawu amenewo ndi a mayi amene chikondi anachilawa, n'kuchimeza, n'kumupweteka m'mimba. Enelesi anadzikakamiza kulowererapo.

"Sangakhale mayi wowerenga malamulo uja?"

"Amawerenga ndi mzimayi?" anadabwa wa nyama. "Ine ndimayesa ndi makina."

Anabwerera kwawo ndi kachikwama kake. Munthu wanzeru akanagwada kuthokoza Mulungu, chifukwa m'dziko lonselo munalibe wolakwa wotetezeka ngati iye. Koma Enelesi atalowa m'nyumba anakhala pansi n'kulira. Sankalira chifukwa cha mantha, mantha anali atatha. Ankalirira zaka makumi awiri ndi ziwiri zoyankhula ndi ziguduli, uchi wonse uja, mpango wa mu Okutobala, ndi mutu umene ankaweramitsa pamaso pa anthu osamudziwa n'komwe. Chinthu chimodzi chokha chimene anthu anamumverapo chinali bukulo, ndipo nalonso ankalipereka kwa kamtsikana ka mpata kumano. Zinamuwawa koopsa.

Alipo kachilombo kaja kotchedwa kadziwotche, kamene kamaona moto n'kuupita dala. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu Enelesi anabwerera ku ntchito, anawerenga lamulo la mbali yopendeketsera zipewa, ndipo atamaliza sanachoke pa maikolofoni.

"Ine Enelesi Nangozo," anatero ndi mawu antchito, "wokhala m'nyumba ya buluu kuseri kwa chigayo, ndine mwini mawu a Lichero la Awiri. Ndinalemba ndekha, ndinawerenga ndekha. Bwerani mudzanditenge."

Anayang'ana kugalasi. A Mizeki anamuimikira chala chachikulu. Apa ndi pamene anaona kwa nthawi yoyamba timathonje tikusuzumira pansi pa mahedifoni awo.

Masiku atatu akaweruka ankakhala pakhonde ndi kachikwama pamiyendo, kudikira galimoto ya apolisi. Kunangobwera bambo wogulitsa matsache. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho tsiku lachinayi ananyamuka yekha kupita ku bwalo la nduna, ndipo ulendo uno sanakhale pa kampando ka pakhomo. Anakaima pakati penipeni n'kudziulula.

Nduna zinaseka mpaka zithumwa kugwedera.

"Mayi, pitani mukapume," anatero a Kachipande akupukuta misozi. "Sabata ino ndinu wachisanu ndi chinayi kudzadzipereka. Dzulo kunabwera mpaka bambo wa ndevu. Aliyense akufuna kutchuka ndi thukuta la mnzake."

Mawu otsirizawo ndi amene anamupsetsa mtima. Anamasula mpango, anapuma mokoka, n'kutulutsa mawu antchito, kuyambira pa mutu umene munthu aliyense anali asanaumve.

"Nasibeko anatsika m'lichero, analitsamiritsa pakhoma, n'kutembenuka. 'Aphunzitsi,' anatero, 'mafunso anu onse ndayankha, mayeso ndakhoza. Tsopano ndili ndi funso langa.'"

Anaima pomwepo. A Kachipande kukamwa kunali yasa.

"Funso lanji?" inafunsa Mfumu, itaiwala kuti ndi Mfumu. Kenako inadzikonza pampando. "Mayi ameneyu amagwira ntchito kuti?"

"Amawerenga malamulo anu, dzuwa losalowa," anayankha a Chalera. "Chaka chino ndi cha makumi awiri ndi ziwiri."

"Ali ndi mawu abwino. Bwanji palibe anandiuza?"

Enelesi anaponya maso pakona ya chipinda. Pa katebulo panali wailesi ya Mfumu, yaikulu, yofunditsidwa bwinobwino ndi chikopa cha kambuku.

A Kachipande anati nkhani yatha, mayiyo anyamuke wa ku Khalachete dzuwa lisanalowe. Enelesi anawongoka. Kunena zoona, anakondwa. Ankaona kale m'maganizo msika wonse ukumuperekeza, amayi akulira, wa nyama uja akupepesa. Kukakhala chete moyo wonse kunkamuopsa, koma ankati bola akakhale chete anthu akudziwa amene watonthola.

A Chalera anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Mukamutumiza ku Khalachete, Mfumu, mawa nkhope yake ili pa zitenje. Bukulo aliloweza ngati katekisimu. Ine ndatumikira mafumu atatu, ndipo njira yophera chinthu m'dziko lino ndaiona imodzi yokha. Chikondeni."

"Ndichikonde?"

"Poyera, dzuwa losalowa. Ndi mtima wanu wonse."

Masana a tsiku lomwelo Enelesi anawerenga lamulo latsopano. Lichero la Awiri linakhala Buku la Fuko. Mzika iliyonse inalamulidwa kulimvera ndi kusangalala nalo. Liziwerengedwa pa Wailesi ya Mfumu ng'oma ikangolira, mutu umodzi patsiku. Sukulu ya afiti ija inapatsidwa dzina la Mfumu, ndipo aphunzitsi a Gwedeza, asanagwire dzanja la Nasibeko, ankayenera kuyamba athokoza boma chifukwa cha mtendere wa mumlengalenga. Wofuna benchi mumsika ankayenera kulemba mayeso a bukulo. Kukamba nkhaniyo kwina kulikonse kupatula pa wailesi kunakhala mlandu wa ku Khalachete. Enelesi anavekedwa mendulo n'kupatsidwa dzina laulemu lakuti Mayi wa Makutu a Fuko. Apolisi anayenda benchi ndi benchi kuuza anthu zonsezi pakamwa, kupatula za chiletsocho, poti a Chalera ankalidziwa dziko lawo.

Sipanathe sabata. Anthu anafufuta bukulo m'mafoni kuti apeze malo a nyimbo. Makondakitala anayambiranso kukuwa. Munthu akatchula Nasibeko, mnzake ankakwinya nkhope n'kufunsa kuti, "Za boma zija?" Filesi anawonjezera thonje m'zoluka zake ndipo zinkatha dzuwa lisanakwere. Mumsika aliyense tsopano ankamudziwa Enelesi. Ankamupatsa moni wa manja awiri, n'kumupatukira njira mwaulemu umene amapatsa munthu wa ku likulu.

Mutu wotsiriza anauwerenga pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumu. Anali ataulembanso kasanu. Ankadziwa bwino lomwe kumene mawu ake akupita, pansi pa mabeseni ndi majekete a eni, komabe anawerenga ndi mtima wonse, ndipo pa chiganizo chomaliza mawu anamuthawa, misozi inagwera papepala. A Mizeki anaimika chala.

Patapita mwezi, akudutsa mumsika popita ku ntchito, Filesi anamukokera kuseri kwa benchi.

"Alamu, musandiseke. Chinthu ichi chikundidya. Nasibeko uja anakwatiwa kapena?"

"Ndinawerenga pa wailesi tsiku la Mfumu lija."

"Masana?"

"Masana."

"Ndiye mwaonatu," anatero Filesi, ngati wolakwa ndi Enelesi. "Tangondinong'onezani pang'ono. Kungoti eya kapena ayi."

"Sindingathe. Kukamba kunja kwa wailesi n'koletsedwa. Ndi za ku Khalachete zimenezo."

Maso a Filesi anawala.

"N'koletsedwa?" Anasuzumira kunja kwa benchi n'kuitana wa tomato uja. "Amake Lonjezo! Tabwerani kuno msanga, akuti n'zoletsedwa!"

Wa tomato anasiya tomato wake. Telala anabwera ndi tepi m'khosi. Wa nyama anafika akupukuta manja, kumbuyo kwake kuli ogula atatu amene sankadziwa n'komwe kuti choletsedwacho n'chiyani, koma sakanalola kuti chiwapite. Posakhalitsa kuseri kwa benchi kunalibe popondapo. Wapolisi wa mumsika anatulukira ndi ndodo yake, anayang'ana uku ndi uku, n'kupempha kuti amusunthireko akhale kutsogolo poti khutu lake limodzi silimva bwino.

Enelesi anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ng'oma ilire, ndipo ku nyumba ya wailesi unali ulendo wa mphindi khumi. Anawadziwa anthu akwawowa tsopano. Anadziwa kuti sanabwerere ubwino wa nkhani yake, anabwerera chiletso, ndipo mawa Mfumu italetsa kumvera achule, madambo onse angadzaze. Anadziwanso kuti pakati pawo sipangalephere kukhala wa pakamwa, ndipo kuti ku Khalachete munthu sabwerako. Komabe anali ndi nkhope patsogolo pake, zenizeni, za thukuta, zikumuyang'ana kukamwa. Anakhala pa kreti ya tomato n'kuyamba.

Anayambira pamene Nasibeko anatsika m'lichero. Za kuthokoza boma anazidumpha. Anaona wa tomato akugwira pachifuwa, anaona telala akumeza malovu, anaona Filesi akumuyang'ana ngati akumuona koyamba. Moyo wake wonse anali asanaonepo mmene nkhope ya munthu imakhalira akamamumvera, ndipo zinamukomera kuposa mmene ankaganizira.

Ali pakati, ng'oma inalira. Manja anatambasuka okha, ziguduli ndi mabeseni zinagwera pa mawailesi, popanda ndi mmodzi yemwe wochotsa maso pa iye. Ku nyumba ya wailesi mpando unali wopanda munthu. Pansi pa nsalu zonse za m'dzikolo, kuyambira mumsika mpaka kunyumba ya Mfumu, panali chete kwa ola lathunthu, ndipo palibe anadziwa.

Enelesi yekha ndiye anadukiza. Miyendo inafuna kudzuka mwa chizolowezi.

"Aa, mayi, musatisiye m'malere," anadandaula wa nyama, akusendera pafupi. "Wafunsa funsolo, eya. Ndiye aphunzitsiwo anati chiyani?"